Mtsiriko wa M'dimba la Mpiru

Ine sindikhulupirira munthu. Ndinenetu poyambirira kuti musadabwe nane kutsogoloku. Telala akamadula nsalu yanga ndimakhala pomwepo mpaka sizasi aiike pansi. Wogulitsa manachesi pamsewu wa kumalire akandisankhira, ndimabweza n'kusankha ndekha. Adzukulu anga amene ndikuleraŵa akati asamba, ndimayang'ana kuseri kwa makutu. Amati agogo ndi ovuta, ndipo sanama. Koma kuvuta komweku n'kumene kunandidyetsa, chifukwa ntchito imene ndinagwira ku bungwe la madzi pano pa Mwanza mpaka kupuma inali yolondera dzimbiri, ndipo dzimbiri limaba pamalo pamene diso silifika.

Madzi amene anthu amatunga pamipopi pa boma amachokera kumtsinje, makina n'kuwakankha kukwera mtunda mpaka m'thanki yaikulu ya paphiri. Njira yonseyo amayenda m'paipi yachitsulo yokwiriridwa pansi, yonenepa ngati thunthu la papaya wokalamba. Kunja kwake anaipaka phula kuti chinyezi chisaikhudze. Koma phula limakalika. Mwala umodzi wakuthwa ukalikanda pokwirira, basi, pamenepo pakhala khomo, ndipo dzimbiri siligogoda.

Nditangoyamba ntchito ananditumiza ku Blantyre kukaphunzira za zimenezi. Mphunzitsi wathu anatiuza kuti nthaka yonyowa imakhala ndi njala ya chitsulo, ndipo njala imeneyo sungaithetse, ungangoipatsa china choti idye. Anatulutsa chitsulo chotuwa, chachitali ngati mkono, chopepuka modabwitsa, nati ichi ndi anodi. Umachiika m'thumba la ufa woyera wosunga chinyezi, n'kuchikwirira pafupi ndi paipi, n'kulumikiza ziwirizo ndi waya wa kopa. Zikatero nthaka imayamba kudya anodi, paipi n'kuisiya, ndipo siikhudza mpaka anodi itatheratu. Anati dzina lake lonse limatanthauza chitsulo choperekedwa nsembe.

Ndinakweza mkono n'kufunsa kuti nanga nthakayo imadziwa bwanji kuti ichi ndidye, ichi ndisiye, pamene mbuzi imene ili ndi maso ikalowa m'munda sisankha mzere. Anzanga anaseka. Mphunzitsiyo, munthu woleza mtima, anajambula mivi pabolodi kusonyeza mphamvu ya magetsi ikuchoka apa kupita apo. Miviyo ndinailoweza, mayeso ndinakhoza, koma mumtima ndinangoti tidzaona. Ndipo kunena zoona, zaka zonse zimene zinatsatira ndinkakwirira maanodi, osaonapo imodzi imene yamaliza ntchito yake. Ndinkagwira ntchito ya chinthu chimene sindinkachikhulupirira kwenikweni.

Pali malo ena m'dera la Kanduku pamene paipi imatsika phiri n'kudutsa m'kadambo kopanikizika pakati pa kamtsinje ndi thanthwe. Kadambo konseko linali dimba la mayi wina wamasiye, wamkulu kuposa ine, wamfupi, wa mapazi ong'aluka. Makolo ake anachokera kutsidya, cha ku Zobue, ndipo chitenje ankati kapulana. Ankalima mpiru, tomato ndi anyezi chaka chonse, kuthirira ndi ndowa m'mawa ndi madzulo, n'kukagulitsa kwa amalole oyembekezera mapepala pamalire. Munda wina analibe. Paipi inapeza dimbalo lilipo kale, ndiye bungwe linangomulola kuti azilimabe pamwamba pake, bola asakumbe mozama.

Tsiku limene tinakakwirira anodi pamenepo, mayiyo anaika ndowa pansi n'kuonerera zonse. Anaona thumba, anaona ufa woyera, anaona tikuthira madzi m'dzenje tisanafotsere. Kenaka anaona ine nditagwada pa kachipilala ka simenti kamene timaimika pamwamba, kokhala ndi kabokosi kokiya mmene mumathera mawaya. Poyeza timalumikiza mita kumawayawo n'kugunditsa pansi kabotolo ka madzi abuluu, ndipo ine ndili ndi chizolowezi chong'ung'udza manambala ndikamawerenga. Nditadzuka anandiyandikira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Zikomo amayi. Ndiye mwatsirika?"

Ndinamuuza kuti ine ndine munthu wopemphera, zimenezo sindichita, iyi ndi sayansi.

"Eya, kwanuko dzina lake ndi limenelo," anatero. "Thumba, ufa, kukwirira, kuti choipa chisalowe. Nanga kutsirika n'kutani?"

Mawu amenewo anandiwawa. Kuyambira tsiku limenelo ankanditchula kuti asing'anga a boma. Ndikatulukira pamtunda ndi chikwama changa cha mita, ndinkamva mawu kuchokera m'mizere ya tomato akuti asing'anga afika, odwala akonzeke. Ine ndinkangoyankha moni, n'kuyang'ana loko wa kabokosi ngati wagwidwagwidwa.

Patapita nthawi ndinamva kwa wakabaza wina kuti mayi uja wafalitsa mbiri m'midzi yonse yozungulira. Ankati m'dimba mwake muli mtsiriko wa boma, ndipo amene adzaukumbe dzimbiri lidzamulowa m'maondo, azidzalira ngati chitseko cha kuchigayo akamakhala pansi. Sindinapite kukatsutsa. Si ntchito yanga kuyenda m'midzi kuchotsa anthu mantha. Koma ndinaisunga nkhaniyo mumtima, chifukwa kwa ine munthu amene akuopseza anzake kuti asayandikire chinthu, kawirikawiri amakhala akudzisungira yekha.

Kenaka kunabwera ogula zitsulo zakale, ndi masikelo awo opachika pamtengo. Zinayamba kusowa ndi zivundikiro za mavavu otsekera madzi, kenaka mawaya a kopa, kenaka maanodi enieniwo. Ndinkafika pa kachipilala n'kupeza dzenje ndi waya wodulidwa ndi chikwanje. Malo ena amene anaba anodi osafotsera n'komwe, tinachedwa kubwezeretsa, ndipo patapita zaka zochepa paipi inaphulika. Titaikumba ndinaona zimene nthaka imachita ikasiyidwa yokha ndi chitsulo. Pamene phula linakalika panali timaenje takuya ngati nkhope ya munthu amene anadwala nthomba, ndipo chitsulo chinkasuka m'manja ngati khungwa louma. Boma lonse linakhala lopanda madzi, amayi ali mizere kumijigo, achipatala akutunga ndi migolo.

Zitatero akuluakulu a bungwe anagamula kuti aliyense wolima pamwamba pa paipi, ngati pamalo pake pabedwa chinthu, achotsedwe pamalopo, chifukwa ngati sanabe yekha ndiye kuti anaona n'kukhala chete. Anthu ena anataya mizere iwiri itatu ya chimanga. Koma kwa mayi wa kadambo uja lamulo limeneli linkatanthauza dimba lonse, poti kuchotsa njira ya paipi pamenepo kunkatsala thanthwe ndi madzi. Iye ankadziwa, ine ndinkadziwa. Ndipo anodi yake inali yokhayo mwa zimene ndinakwirira poyamba imene inali isanagwidwe.

Zaka zinapita, imvi zinabwera, mwana wanga wamkazi anandisiyira ana n'kupita ku Joni. Tsiku lina m'nyengo yotentha, mapiri atapsa n'kuda bii, ndinagwada pa kachipilala ka m'dimba muja ndipo mita inandipatsa nambala yofooka, ya paipi imene ilibe choiteteza. Sindinaikhulupirire mitayo. Ndinabwerera ku ofesi, kusintha mabatire, kubwereka mita ina, kusintha madzi a m'kabotolo, n'kupitanso. Nambala yomweyo. Loko anali bwinobwino, nthaka sinkaoneka kuti yakumbidwa, koma dimba ndi dimba, limatembenuzidwa mwezi ndi mwezi, ndipo mpiru umabisa zambiri.

Mita imangonena kuti anodi sikugwira ntchito. Siinena chifukwa. Yabedwa, waya waduka, kapena yatha yokha, nambala imakhala imodzi. Abwana athu nthawi imeneyo anali mnyamata wochokera kumpoto, injiniya waulemu amene ankanditchula kuti amama. Anawerengetsera n'kupeza kuti anodi ya msinkhu umenewo inayenera kukhala idakali ndi zaka zingapo. Ine ndinawauza maganizo anga mosabisa, kuti mayi uja waopseza anthu zaka zonsezi podikira tsiku lake, ndipo tsikulo lafika. Iwo anati mwina, koma munthu sachotsedwa pamunda chifukwa cha nambala, tikakumbe kaye. Anafuna kutumiza anyamata a zokonza mapaipi kuti adzatiuze. Ndinakana. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinati ndipita ndekha, ndipo iwonso abwere adzaone ndi maso awo.

Tinafika m'mawa, dzuwa litayamba kale kuluma. Mayiyo tinamupeza akuthirira. Abwana anamufotokozera bwinobwino chimene tabwerera ndi chimene chingatsatire tikapeza kuti chinthucho palibe. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anayang'ana mizere yake, kuchokera kuthanthwe mpaka kukamtsinje, ndipo ndinaona dzanja lake likumanga kapulana imene inali yomanga kale. Kenaka anati tikumbe, koma mpiru azule yekha, ife tiuthyola. Atamaliza kuzula anakhala pandowa yovundikira, pamthunzi wa nthochi.

Aganyu awiri amene tinawapeza m'mudzimo anaima ndi makasu awo osasuntha. Wina anati iye alibe mantha, kungoti maondo ake ndi amene amadyetsa ana. Mnzake anati amene anamanga ndiye amamasula. Abwana anandiyang'ana akumwetulira. Ndinalanda khasu n'kutema katatu, ndipo mayi uja anati kuchokera pamthunzi paja, "Maondo ndi anu, asing'anga." Apo m'pamene aganyu anayamba.

Tinatsata waya kutsika. Nthaka ya pamenepo inali yakuda, yozizira, yonyowa ngati mvula yagwa dzulo, pamene phiri lonse linali fumbi. Anakumba mpaka m'chiuno, kenaka mpaka pachifuwa. Pamene panayenera kukhala thumba panalibe thumba. Fosholo inangotulutsa matope otuwa ndi tinsanza towola. Mmodzi wa aganyu anagogoda uku ndi uku ndi msana wa khasu, osamva kulira kwa chitsulo, n'kunena kuti muno mulibe kanthu. Abwana anapuma mozama n'kutulutsa foni kuti ajambule. Ndinayang'ana mayi uja. Sanadzuke, koma anali atasiya kutafuna nzimbe imene anali nayo.

Mtima wanga unati, si ndinanena. Koma mganyu akati mulibe kanthu, ine sindingalembe kuti mulibe kanthu. Ndinavula nsapato, kumanga chitenje pamwamba pa ovolosi, n'kutsika m'dzenjemo. Ndinagwira waya ndi dzanja limodzi n'kumautsata m'matope ndi linalo, kufunafuna pamene chikwanje chinadula. Wakuba amadula, ndipo podula pamakanda chala. Sindinapapeze. Waya unapitirira mpaka pa mfundo yake yomata, ili yonse mmene tinaisiyira. Kuseri kwa mfundoyo chala changa chinakhudza kanthu kowonda.

Ndinakasolola pang'onopang'ono. Kanali kamtengo kachitsulo konga sipoko ya njinga, kamene kamakhala pakati pa anodi kuti kaigwire. Pakamtengopo panali patatsala timibulu totuwa, apa kamodzi, apo kena, tobookabooka ngati nkhuni imene chiswe chamaliza. Nditakhudza kamodzi kanaphwanyika n'kusanduka phala loyera pakati pa zala zanga. Matope otuwa aja amene fosholo inkataya, amene tinkaponda, inali anodiyo. Chinthu chimene ndinachinyamula ndi manja awiri tsiku lokwirira chinali chitadyedwa chonse, kachidutswa ndi kachidutswa, mumdima, popanda woona.

Ndili chigwadire m'matope, ndinauza aganyu kuti akumbe chammbali mpaka apeze paipi, chifukwa kutha kwa anodi sikunandikwanire, ndinkafuna kuona chimene inkafera. Atayifukula ndinaipukuta ndi chiguduli chonyowa, kufunafuna chilema. Ndinachipeza. Chapansi pake panali pamene mwala unakanda phula n'kusiya chitsulo pamtunda, malo aakulu ngati chikhatho cha mwana. M'nthaka yonyowa chotero, zaka zonsezo, pamenepo panayenera kukhala bowo. Ndinapapala ndi chikhadabo. Panali posalala, potuwa, ngati khasu limene langochoka kusitolo. Ndinaika khutu papaipi n'kumva madzi akuthamanga m'kati kupita kuthanki.

Ndiye kuti nthaka inasankhadi. Chitsulo chamaliseche chinali pomwepo, pakamwa pake penipeni, koma inachilambalala tsiku ndi tsiku n'kumakadya chinzake chimene chinali patali pang'ono, chifukwa cha kawaya kamodzi. Mivi ya pabolodi ija inali ikuyenda pansi pa mpiru nthawi yonseyi, mvula ndi chilimwe, ine ndikugona, ndikudwala, ndikuika maliro a mwamuna wanga, ndikukayikira aliyense. Panalibe woiyang'anira. Ine ndinkangobwera mwa apo ndi apo ndi kabotolo kanga. Za kufera ena ndazimva kutchalitchi kuyambira ndili mwana, koma ndinali ndisanazigwirepo ndi manja, zili zoyera, zikumata zala.

Abwana anatsikira m'dzenjemo ndi nsapato zawo zabwino. Anatembenuza kamtengo kaja, anafinya nthaka m'dzanja mpaka madzi kudontha, n'kuyang'ana ndowa imene mayi uja anakhalira. Anati tsopano zamveka. Kuwerengetsera kwawo kunali kwa nthaka imene imauma m'chilimwe, pamene iyi sinaumepo chifukwa imathiriridwa kawiri patsiku. Anodi inagwira ntchito osapuma, n'chifukwa chake yatha msanga, ndipo paipi ya pano ndi yosungika kuposa ina iliyonse imene anaionapo. Anatuluka n'kukauza mayiyo kuti palibe chabedwa, dimba ndi lake, ndipo tibweranso kudzaika anodi yatsopano.

Ndinkayembekezera kuti mayiyo anditonza, ndipo ndinali nditakonzeka. Koma anabwera pamphepete pa dzenje n'kupempha kuti aone. Ndinamupatsa kamtengo kaja. Anakalandira ndi manja awiri, monga mmene timalandirira chinthu kwa wamkulu.

"Chathera pansi chokhachokha, ife tikumwa madzi," anatero. "Inu munkadziwa kuti chidzatere?"

Ndinati anatiuza kusukulu.

"Kukuuzani anakuuzani. Ndikuti munkadziwa?"

Ndinati ayi.

Anagwedeza mutu. Kenaka anati chinthu chimene chagwira ntchito yotere sichitayidwa kudzala. Abwana anati kamtengoko kayenera kupita ku ofesi monga umboni, ndipo iye sanatsutse. Koma aganyu atafuna kumwaza matope otuwa aja kuthengo, anawaletsa. Anawawola ndi manja ake, kuwaunjika pambali n'kuwafunditsa masamba a nthochi. Tsiku limene tinabwera ndi anodi yatsopano anawabwezera m'dzenje, pansi penipeni, tisanatsitse thumba. Anati chatsopanocho chipeze mnzake, chidziwe ntchito imene chabwerera. M'malamulo a ntchito yathu mulibe zimenezo, komanso mulibe poletsa. Ine amene ndinakwiya ndi mawu akuti kutsirika zaka zonse zija ndinagwira thumba osalitsitsa mpaka atamaliza.

Tikuchoka tsiku lokumba lija anandipatsa mtolo wa mpiru umene anazula uja, nati sungabzalikenso, ndipite nawo. Ndinaulandira. Kunyumba ndinautsuka kawiri n'kuyang'ana tsamba lililonse kuseri. Musaganize kuti ndinasintha. Mpaka ndinapuma ntchito, ndikafika m'dimba muja ndinkayamba ndayang'ana loko, iye akuonerera n'kumaseka. Adzukulu anga ndimawayang'anabe kuseri kwa makutu.

Chimene chinasintha n'chaching'ono. M'mawa ndikatsegula mpopi wa panja, madzi asanatuluke pamakhala kaphokoso ka mpweya, ndipo pa kanthawi kameneko ndimaganiza za chitsulo chotuwa chimene chili pansi pa mpiru ku Kanduku, chikudyedwa pamene ine ndaima ndi ndowa. Ndinachiika ndi manja anga, ndipo ndikudziwa kuti sichichoka pamalo pake mpaka chitatha. N'chinthu chokhacho chimene ndimagona osachidera nkhawa.

Maondo anayamba kundivuta chaka chotsatira. Ndikamakhala pampando amalira, adzukulu n'kumabisa nkhope. Adokotala akuti ndi ukalamba ndi kugwada kwambiri pa simenti. Mayi uja ndinakumana naye pamalire ali ndi dengu la tomato, anandiona ndikutsika pa kabaza movutikira, n'kungoti, "Ndinanenatu, asing'anga." Onse awiri sindiwakhulupirira.